A Silungwe, Amene Anapachika Galasi Pambali pa Bolodi

Sabata yatha tinakwera ku Chisenga kukaika chiliza pamanda a apongozi anga, a Silungwe, popeza chaka chakwana chitisiyireni. Kunacha ndi nkhungu monga kumachera kumeneko nyengo yozizira. Mapiri a Mafinga ankaoneka nsonga zokha, ngati alekana ndi nthaka, ndipo anthu ankatulukira m'nkhungumo mmodzimmodzi, wina khasu paphewa, wina mpando pamutu, mawu awo akuyamba kufika eni ake asanaoneke. Chilizacho anawaka yekha mwamuna wanga Lusayo. Anachigumulapo n'kuyambiranso, chifukwa ankati bambo ake akanangotsinzina diso limodzi, kupendeketsa mutu, n'kunena kuti mbali ya kum'mawa yatsika.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera ku Chitipa kudzaphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi Lufita, ndipo kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi Lusayo. Tsiku limene ankandiuza za makolo ake anati, "Adada samva, koma usamale, palibe chimene chimawadutsa." Kenako anaonjezera ngati nkhani yaing'ono: "Panopa ali ku koleji ku Blantyre, akuphunzira zomanga misewu ndi milatho." Ndinaseka, kuyesa nthabwala. Munthu wa imvi, wa mwana wofuna kukwatira, akhale pa desiki? Koma zinali zoona.

Makutu awo anatseka ali mnyamata wa ku pulaimale, atadwala malungo aakulu amene anawagoneka dzinja lonse. Atayamba kupeza bwino anatuluka panja n'kuona amayi awo akusinja, munsi ukukwera ndi kutsika, koma mtondo uli zii. Ankati tsiku limenelo sanalire. Anangoganiza kuti dziko likadali mtulo, lidzuka posachedwa. Kulankhula sanaiwale, kungoti mawu awo analibe malire: ankakwera pamene pafunika kunong'ona, nthawi zina n'kutsika mpaka kusowa nkhani ili mkati, milomo yokha ikupitiriza. Ankawerenga milomo ya anthu m'Chitumbuka, m'Chichewa ngakhalenso m'Chizungu. Ndi akazi awo, amama Nakayange, anali ndi chinenero chawochawo cha manja, chimene ngakhale ana awo ankachitola mwa apo ndi apo.

Ankati kutulo amamva. Aliyense amene anamudziwa makutu atatseka kale, kutuloko ankamubwereka mawu kuchokera kwa anthu a paubwana wawo. Amama Nakayange ankalankhula ndi mawu a mtsikana wina amene ankagulitsa nthochi pafupi ndi tchalitchi. Lusayo anali ndi mawu a mnzawo amene ankabusa naye ng'ombe. Ine, anadzandiuza patapita zaka, anandipatsa mawu a mphunzitsi wina wamkazi amene ankaimbitsa ana m'mawa asanalowe m'kalasi. "Musadandaule, mama," anatero, "anali mawu okoma. Kungoti mwini wake akayamba nkhani sankaidziwa pothera."

Tsiku loyamba kuonana nawo linali la patchuthi chawo, ukwati wathu utangochitika. Azakhali a Lusayo anali atandilangiza kale kuti kuno mkamwana, mkazi wa mwana, sayang'ana atate a mwamuna wake kumaso, ndipo salankhula nawo atalunjika nkhope. Ndinagwada patali, kumapeto kwa khonde, nkhope nditaitembenuzira kukhoma.

"Monire, adada," ndinatero.

Zii. Ndinabwereza mokweza. Kenako ndinamva mawu aakulu, osweka pang'ono:

"Kodi mwanayu walankhula, kapena akupemphera?"

Amama anayamba kuwafotokozera ndi manja, msangamsanga, koma iwo anapukusa mutu. Anati mwambo akuudziwa bwino, anabadwiramo, koma amene anaukhazikitsa anali ndi makutu. Anati sangakhale ndi mwana pakhomo pawo amene mawu ake onse amathera m'khoma. Azakhali aja anakwiya, anati mukatero mudzi wonse utiseka. Anakangana mpaka tiyi anazizira m'makapu. Pamapeto pake a Silungwe anaimirira, anasuntha mpando wawo n'kuuika pomwe mapiri anali kumbuyo kwawo, n'kunena kuti:

"Mwambo ukuti iyeyu asandiyang'ane. Sukunena kuti ine ndisaone pakamwa pake. Mama, dzutsani nkhope. Muziyang'ana phiri lija, muzilankhula nalo, ine ndizitola."

Ndi mmene tinkachezera kwa zaka zambiri. Ndinkawauza za ana a kusukulu, za matenda a mdzukulu wawo, za mvula ya ku Boma, maso anga ali pa Mafinga, pamwamba pa phewa lawo. Ndikakumbukira nkhani zathu sindiona nkhope yawo kwenikweni. Ndimaona mitambo ikukwawa m'zigwa, utsi wa anthu otentha minda, ndi mthunzi wa chipewa chawo m'mphepete mwa diso langa.

Anali munthu wa mikangano, ndisabise, ndipo anali ndi chida chimene chinkapsetsa mtima aliyense. Akaona kuti anena zawo zonse, ankangotseka maso. Basi, nkhani yatha, chifukwa ukanalankhula ndi ndani? Amama ankafika powatsina pamkono kuti atsegule, iwo ali phee, kamwetulira kali pakona pa mlomo.

Chida chimenechi anachigwiritsa ntchito kwambiri chaka chimene mudzi unamanga mlatho wa oyenda pansi pa kamtsinje ka kumunsi kwa sukulu. Apo n'kuti atapuma kale ntchito ku ofesi ya zomangamanga ya m'boma. Ulalo wa mitengo unkakokoloka dzinja lililonse, ana n'kumakhala kunyumba kudikira madzi aphwe. Anthu anatuta mchenga ndi miyala, iwo anajambula pulani ndi kuyang'anira ntchito. Atathira konkire, patangopita masiku ochepa anthu anafuna kuchotsa matabwa ochirikiza kuti ayambe kuwoloka, poti pamwamba panali pataoneka pouma. A Silungwe anakana. Anati simenti ili ngati mwana wakhanda, imaoneka yathunthu kunja koma mafupa ake sanakhwime, ndipo imafuna kumwetsedwa madzi, osati kupondedwa. Anatenga mpando wawo n'kukakhala pakhomo pa mlathowo. M'mawa uliwonse ankathirira konkire ija n'kuifunditsa masaka onyowa ndi masamba a nthochi. Kunabwera a komiti, kunabwera akulu a mpingo, kunabwera mwini ngolo wina amene analankhula mpaka thovu kukamwa, akuwatchula fundi, ndiye kuti mmisiri.

"Fundi, mwatichedwetsa! Kodi mlathowu ndi wanu nokha?"

Iwo maso ali tseke. Anakhala pamenepo pafupifupi mwezi wathunthu, anthu akuwoloka m'madzi pambali pawo akung'ung'udza. Tsiku limene anachotsa matabwa, anayamba okha kuyendapo, opanda nsapato, pang'onopang'ono, ngati akumvetsera ndi mapazi. Atafika tsidya linalo anatembenuka n'kukodola anthu ndi manja onse awiri.

Za mmene anapitira ku koleji ndinazimva kwa amama. Sekondale anali atamaliza kalekale, movutikira, koma ntchito imene anapeza inali ya manja basi, m'makampani okonza misewu: kukumba ngalande, kusakaniza konkire, kumanga zitsulo ndi waya. Anaigwira zaka zambiri. Chimene chinkawasowetsa mtendere sichinali kutopa ayi. Ankafuna kudziwa chifukwa chake. Chifukwa chiyani zitsulo zambiri zimaikidwa kumunsi kwa mtanda, osati pamwamba? Chifukwa chiyani kalavati uyu ndi wamkulu kuposa uja, pamene mitsinje yake ikuoneka yofanana? Akapitawo ankafotokozerana zimenezi akuyenda, atapereka msana, ndipo iwo ankangoona manja akuloza. Ankati anakhala zaka zonsezo ngati munthu woima kunja kwa nyumba imene wamanga yekha, akuona pawindo anthu akudya.

Atalandira kalata yowaitana ku koleji, amama sanakondwe m'pang'ono pomwe.

"Ndinawafunsa kuti, inu a wisi Lusayo, khofi uyu asamala ndani? Mukakakhala ndi ana a msinkhu wa mwana wanu, akakusekani, ndipo simukamva n'komwe kuti akukusekani," anandiuza amama. A wisi Lusayo ndiye kuti bambo a Lusayo. "Ukudziwa anandiyankha chiyani? Akuti ndiye ubwino wake umenewo. Kenako anatseka maso."

Amama anakhala masiku osawalankhulitsa, manja atawapinda pachifuwa, kumene kwa awiriwo kunali kukhala chete kwenikweni. Koma m'mawa wa ulendo ndi iwo amene anasenza sutikesi mpaka pamsewu, n'kuwakweza pa lole ya matola yopita ku Karonga, nthawi imeneyo msewu ukadali wa fumbi.

Za ku kolejiko a Silungwe ankakamba modumphadumpha. Nkhani yonse tinadzaimva sabata yathayi, kuchokera kwa mlendo amene sitinkamuyembekezera. Mapemphero atatha, bambo wina wokalamba, wa jekete lakuda ndi ndodo, anapempha kuti alankhulepo. Anati dzina lawo ndi a Kachingwe, achokera ku Blantyre, ndipo ndi amene ankaphunzitsa a Silungwe masamu owerengera mphamvu za mitanda ndi zipilala. Maliro anawamva mochedwa, ndiye analumbira kuti pa chiliza pokha sadzalephera.

Anati teremu yoyamba munthu wathuyo inamuvuta kwambiri. Ankakhala kutsogolo, maso ali pakamwa pa mphunzitsi, koma mphunzitsi wa masamu amalankhula akulemba, nkhope ili ku bolodi. Akangotembenuka, kwa a Silungwe phunziro laduka. Ankakopera zonse zolembedwa, mzere ndi mzere, koma mawu olumikiza mzere wina ndi unzake ankapita ndi mphepo. Womasulira ndi manja kunalibe. Mayeso oyamba analephera, achiwiri chimodzimodzi. Akuluakulu anawaitana n'kuwauza mwaulemu kuti mwina ndi bwino akalimbikire za uwaki zimene akuzidziwa kale, ndipo akalepheranso abwerere kwawo.

Zimene zinachitika Loweruka la sabata imeneyo a Silungwe anandiuzapo okha. Anati anatuluka pakoleji osadziwa kumene akupita, akuganiza za mmene akatsikire lole ku Chisenga, ndi mmene akazi awo akawayang'anire. Anayenda mpaka kumsika, n'kulowa mokametetsa kuti mwina mutu upepuke. Atakhala pampando, anaona pagalasi wometa uja, ali kumbuyo kwawo, akuuza mnzake kuti, "Mdala uyu akuti ndi mwana wa sukulu, imvi zonsezi." Iwo anayankha osatembenuka: "Imvizo ndi zimene ndabweretsa kuti muchotse." Wometa uja anatsala pang'ono kugwetsa makina. Koma a Silungwe anali atasiya kale kumuganizira. Ankayang'ana galasi lija ngati akuliona koyamba. Munthu ali kumbuyo kwawo, iwo atamupatsa nkhongo, koma mawu ake afika.

A Kachingwe anapitiriza kuchokera pamenepo. Lolemba m'mawa atalowa m'kalasi anapeza ophunzira akuseka chamunsi. Pambali pa bolodi panali patapachikidwa galasi lalitali, la pachitseko cha wadiropu yakale, lothimbirira m'makona, lomangidwa ndi waya ku msomali, kumbuyo kwake kutatsamiritsidwa kathabwa kuti lipendekeke.

"Ndinapsa mtima," anatero a Kachingwe. "Nthawi imeneyo ndinali ndi ndevu za pamlomo zambiri, ndinkazipesa m'mawa uliwonse, ndiye ndinayesa kuti anawa akundinena kuti ndimadzikonda. Ndinakuwa kuti, wapachika ichi ndani? Bambo awa sanaone funso langa, poti ndinafunsa nditayang'ana kwina. Mnzawo atawagwira paphewa ndi pamene anaimirira, n'kunena ndi mawu aja mukuwadziwa, omveka mpaka kalasi yachitatu: Ndine, aphunzitsi. Ndikufuna pakamwa panu."

Anthu pamanda paja anaseka, ena akupukuta misozi. Amama anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Kalasi yonse inafa nacho chiseko," anapitiriza motero. "Ine ndinati chichotsedwe pompano. Iwo anati, lembani kaye mzere umodzi, mukaona kuti n'chopanda ntchito ndichotsa ndekha. Ndinatola choko mokwiya, ndinayamba kulemba ndikufotokoza. Ndili mkati ndinaponya diso pagalasi paja. Ndinaona maso a munthu wamkulu, wamkulu kuposa ine, ali pamlomo panga ngati munthu waludzu amene waona chitsime. Anali atayeza bwinobwino kuchokera pampando wawo, mpaka pomwe ndimakonda kuima. Ndinaonanso chinthu china: pakamwa panga sipankaoneka. Ndevu zija zinali zitaphimba mlomo wonse wa m'mwamba. Munthuyu wasenza galasi kuchoka kumsika wapansi, koma akungoona tchire likugwedezeka."

A Kachingwe anasisita pamlomo pawo posalala.

"Mawa lake ndinabwera nditameta. Akazi anga anandifunsa ngati kwagwa maliro. Mpaka lero sindinazisungenso."

Anati galasi lija linkayenda nawo kalasi ndi kalasi, atalikulunga m'bulangete, ndipo aphunzitsi ena analizolowera, ena ayi. Silinathetse zonse. Mphunzitsi akasuntha kwambiri ankatuluka m'galasimo, ndipo Chizungu cha pamilomo chimanamiza, mawu ambiri amafanana. Phunziro lina anachita kubwereza chaka chathunthu. Sanakhale woyamba m'kalasi ngakhale kamodzi. Koma anafika kumapeto, ndipo tsiku lolandira dipuloma, dzina lawo litaitanidwa, anzawo onse a m'kalasi m'malo moomba m'manja anaponda pansi mwamphamvu, kuti chimwemwe chawo chidutse m'matabwa chikawapeze kumapazi.

Masiku amene a Silungwe ankawakumbukira mokoma kwambiri anali oyeza malo kutchire. Kumeneko wina amaima ndi makina oyang'anira, wina amakaima kutali ndi ndodo ya manambala, ndipo mawu safika. Aliyense amalankhula ndi manja: kwera, tsika, pita kumanzere, ima pomwepo. Ankati kumeneko kokha ndi kumene kalasi yonse inkasamukira kwawo. Ankakonda kukamba za m'mawa wina pamene anaika diso pa makina aja n'kuona mnzawo ali kutsidya kwa dambo, waung'ono ngati nyerere, akuoneka ngati akunjenjemera m'kutentha kwa dzuwa, akuwafunsa ndi dzanja ngati ali pabwino. Anamuyankha, iye anamva, popanda wobwereza kapena wotopa. Akafika pamenepa ankasiya kulankhula n'kukweza dzanja m'mwamba, ngati mnzawo uja akadali kutsidyako akudikira.

Ankayenda kwambiri wapansi, ngakhale atakalamba. Popita ku Wenya kukaona abale sankadutsa kalavati osatsikira kumunsi kukasuzumira, ndipo akapeza atatsekeka ndi zinyalala ankavula jekete n'kuyamba kufukula ndi manja, ulendo n'kuima. Amama ankangokhala pamwala n'kumasenda chinangwa, poti anazolowera. Mvula ikamagwa ankaima pakhonde, chikhatho atachigunditsa ku nsanamira, kuti amve malata akunjenjemera. Akafuna kuyamikira chinthu, kaya ndi ndiwo, kaya ndi khalidwe la mwana, ankati chili pa levulo.

Anadwala nthawi yochepa. Maso ndi amene anayamba kufooka, ndipo zimenezi zinawaopsa kuposa imfa, poti kwa iwo maso anali khomo lokhalo lotsala. Masiku omaliza amama ankalankhula nawo powalemba ndi chala pachikhatho. Ine nditapita kukawaona ndinagwada pafupi ndi bedi, ndipo kanali koyamba kuwayang'anitsitsa kumaso. Anali ndi kachipsera pachibwano kamene sindinkakadziwa. Anandigwira dzanja n'kunena motsitsa kuti akugona kwambiri masiku ano, ndipo sakudandaula, chifukwa kumeneko aliyense akulankhula momveka.

Alendo atabalalika sabata yathayi, ndinazungulira kuseri kwa nyumba, kumene kuli kachisakasa kawo ka malata. Amama sanalole kuti munthu asunthemo kanthu. Fosholo ili chiimire pakona, simenti itauma kukamwa kwake. Pathebulo pali pensulo yosongoledwa ndi mpeni, ndi sefa ya mchenga imene akangaude alukamo ulusi wawo. Pakhomo pali mgolo wodula pakati, wodzaza madzi. Lusayo akuti sabata imene anayamba kudwala, adada anali ataumba timabuloko ta konkire, kuyesa mchenga wa pamtsinje wina umene ankauganizira zomangapo mlatho, n'kutimiza mumgolomo kuti tikhwime. Sanauze munthu kuti ndi mtsinje uti. Madzi akaphwa, amama amabwera ndi ndowa n'kuonjezera.

Ndinawerama n'kusuzumira. Nkhungu inali itayamba kubwerera kuchokera kumapiri, ndipo pamwamba pa madziwo pankayandama tsamba limodzi la khofi. Pansi pake, m'madzi obiriwira, timabuloko tija tinali ndandanda, tili phee, tikulimbabe.